Amene Anatsekulira Mussolini ndi Hitler Chitseko

Mu Okutobala 1922, anyamata a malaya akuda a chipani cha Fascist atayamba ulendo wolowa mumzinda wa Rome, boma la Italy linali ndi asilikali okwanira kuwabweza. Nduna yaikulu, Luigi Facta, inakonza chikalata choti asilikaliwo atuluke, koma Mfumu Victor Emmanuel III inakana kusayina. M'malo mwake inaitana Benito Mussolini kuti apange boma. Iye anafika kuchokera ku Milan pa sitima ya usiku, chipani chake chili ndi aphungu 35 okha mwa aphungu oposa 500. Mu 1924 phungu wotsutsa boma, Giacomo Matteotti, anadzudzula poyera za chinyengo pa chisankho, ndipo patangopita masiku ochepa anabedwa n'kuphedwa. Mfumu ija sinachotse Mussolini pampando. Pofika 1926 zipani zonse zotsutsa zinali zitaletsedwa.

Tikamakamba za nthawiyi timakonda kuyang'ana olamulira ankhanzawo, mawu awo amoto ndi namtindi wa anthu okweza manja. Chimene chimandivutitsa maganizo ine ndi anthu ena aja, amene anali ndi mphamvu zokana koma sanakane: mafumu, akuluakulu a asilikali, eni mafakitale, nduna za mayiko aakulu.

Ku Germany kugwa kunayenda pang'onopang'ono. Mu 1923 ndalama inatha mphamvu mpaka dola imodzi ya America kugulidwa ndi mamaki oposa 4 thililiyoni. Ndalama zimene mabanja anasunga moyo wawo wonse sizinakwane kugula buledi. Zinthu zinakhalako bwino kwa zaka zochepa, moti pa chisankho cha 1928 chipani cha Nazi chinangopeza mavoti 2.6 peresenti. Kenako msika wa ku New York unagwa mu 1929, ngongole za ku America zinauma, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni anali pa ulova. Mu Julayi chaka chimenecho chipani cha Nazi cha Hitler chija chinatenga mavoti 37 peresenti.

Njala ndi ulova zikufotokoza mavotiwo, koma mpando sunabwere ndi mavoti okha. Kuyambira 1930 nyumba ya malamulo inali itafooka kale, chifukwa nduna yaikulu Heinrich Brüning ankalamulira pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya ngozi amene Pulezidenti Paul von Hindenburg ankasayina. Anthu anazolowera kuona dziko likuyenda aphungu ali pambali. Mu Novembala 1932 mavoti a Nazi anatsika kufika 33 peresenti, chuma cha chipani chili pamavuto. Ndi nthawi imeneyi pamene Franz von Papen, yemwe kale anali nduna yaikulu, ndi anzake ananyengerera Hindenburg kuti apatse Hitler mpando wa nduna yaikulu pa 30 Januwale 1933, poganiza kuti adzamugwira pamphuno. Nyumba ya malamulo itapsa mu Febuluwale, ufulu wolankhula ndi wosonkhana unaimitsidwa. Pa 23 Malichi aphungu anavomereza lamulo lopatsa Hitler mphamvu zopanga malamulo popanda iwo. Aphungu 444 anavomera, 94 a chipani cha Social Democratic okha ndiwo anakana. A Chikomyunizimu anali kale m'ndende kapena kothawa.

Kunja kwa malire khalidwe linali lomweli. Japan italanda Manchuria mu 1931, bungwe la League of Nations linatumiza nthumwi zokafufuza, lipoti linalembedwa, Japan inangotuluka m'bungwemo mu 1933 dera lija lili m'manja. Koma pamene bungweli linafera zenizeni ndi ku Ethiopia.

Pa 3 Okutobala 1935 asilikali a Italy analowa m'dziko la Mfumu Haile Selassie, lomwe linali membala wa bungweli. Mamembala anagwirizana kuti Italy ndi wolakwa ndipo anaika zilango za malonda. Pamndandanda wa katundu woletsedwa panalibe mafuta, chinthu chimene ndege ndi magalimoto ankhondo a Mussolini sakanayenda popanda icho. Ngalande ya Suez, imene Britain akanatha kutseka, inasiyidwa yotseguka, sitima zodzaza asilikali ndi zida n'kumadutsa. Mu Disembala nduna ziwiri, Samuel Hoare wa Britain ndi Pierre Laval wa France, zinapangana mwachinsinsi kuti gawo lalikulu la Ethiopia liperekedwe kwa Italy. Nkhani itaululika m'nyuzipepala anthu anakwiya, Hoare anatula pansi udindo, koma Mussolini anali ataona kale kuti mayikowa sadzamenya nkhondo chifukwa cha Aafirika. Ndege zake zinathira mpweya wa poizoni pa asilikali ndi pa midzi. Addis Ababa inagwa mu Meyi 1936. Haile Selassie ataimirira kulankhula pa msonkhano wa bungweli ku Geneva mu Juni, atolankhani a ku Italy anamuimbira mluzu womunyoza, ndipo mwezi wotsatira zilango zija zinachotsedwa.

Mantha a Britain ndi France anali ndi gwero lake. France yokha inataya asilikali pafupifupi 1.4 miliyoni pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo palibe nduna imene inkafuna kutumizanso ana a anthu kumaenje. Ankaopanso Soviet Union, komanso ankafuna kusunga Mussolini kuti awathandize kuletsa Hitler. Mawerengedwe amenewa analephera kotheratu: Mussolini anapita kwa Hitler ndithu, ndipo mu Malichi 1936, maso a dziko ali ku Ethiopia, Hitler analowetsa asilikali ku Rhineland, dera la Germany limene mapangano ankaletsa kuikako asilikali, popanda womuwombera ngakhale chipolopolo chimodzi.

Zotsalazo zinatsatana mofulumira. Ku Spain ndege za Germany ndi Italy zinathandiza Francisco Franco pa nkhondo ya pachiweniweni, n'kuphwasula tawuni ya Guernica mu Epulo 1937. Austria inamezedwa ndi Germany mu Malichi 1938. Ku Munich mu Seputembala, Neville Chamberlain wa Britain ndi Édouard Daladier wa France anapereka dera la Czechoslovakia lotchedwa Sudetenland kwa Hitler, nthumwi za Czechoslovakia zikudikira kunja kwa chipinda chokambirana. Mu Malichi 1939 Prague, likulu la Czechoslovakia, inagwa. Pa 23 Ogasiti Soviet Union ya Stalin nayo inasayinirana pangano ndi Germany logawana Poland, ndipo pa 1 Seputembala nkhondo inabuka.

Ntchito imene mayiko aakulu anakana kuigwira ndi zilango za mafuta mu 1935 inadzagwiridwa ndi mfuti mu 1940 ndi 1941. Pakati pa amene anatumizidwa kukamenyana ndi Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia panali anyamata a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles, ndipo ena mwa iwo sanabwerere kumudzi.