Wotchi ya muvi umodzi yomwe ikuyendabe patatha zaka 350

M'nyumba ya munthu wamalonda mumzinda wa London cha m'ma 1650, tsiku linkayambira pakhoma. Wina ankaima pansi pa wotchi yopachikidwa m'mwamba, n'kugwira chingwe, n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka mtovu wolemera umene unali utatsala pang'ono kugunda pansi utakweranso. Usiku asanagone ankakokanso, chifukwa chingwecho chinkatha m'maola pafupifupi 12. Akaiwala, m'nyumba munkangoti zii.

Wotchiyo inali ya mkuwa wachikasu, yotalika masentimita pafupifupi 38. Inali ngati kabokosi ka nsanamira zinayi, kokhala ndi zitseko m'mbali, ndipo pamwamba pake panali belu lalikulu lovundikira ngati chipewa. M'munsi mwa belulo ankaikamo mkuwa wogoba mwaluso, nthawi zambiri wa maluwa kapena wa nyama ziwiri za m'nyanja zopingasa michira. Kumbuyo kunali ngowe yachitsulo yokolekera pamsomali, komanso zisonga ziwiri zolasa khoma kuti wotchi isagwedezeke. Masiku ano Angerezi amaitchula kuti lantern clock. Ena amati n'chifukwa choti imafanana ndi nyali, ena amati dzinalo linachokera ku liwu lakale loti latten, lomwe linkatanthauza mkuwa wamtunduwu.

Ola linali lokwanira

Munthu wa lero akaiona koyamba amaganiza kuti ndi yothyoka, chifukwa muvi wake ndi umodzi basi, wosonyeza maola. Pakati pa manambala anangolemba timizere tosonyeza theka ndi kota ya ola. Mmisiri sanachite ulesi ayi. Wotchizi zinkathamanga kapena kutsalira ndi mphindi 15 pa tsiku, choncho muvi wa mphindi ukanangokhala wonamiza anthu. Mwini wake ankaikonza poyang'ana mthunzi wa dzuwa pakachipangizo ka pabwalo.

Komanso anthuwo analibe nazo ntchito mphindi. Makolo athu akamapangana ankati tikumane tambala woyamba akalira, kapena dzuwa likafika paliwombo, ndipo palibe ankasochera. Ku England nakonso kunalibe sitima ya pamtunda yoti ingakusiye. Chofunika chinali belu. Likati nge kasanu ndi kamodzi, wantchito ali kukhitchini ndi mwana ali kuchipinda chapamwamba onse ankamva limodzi, ngakhale mumdima.

M'kati mwake mulibe chobisika. Mtovu umakoka chingwe, chingwe chimazunguza gudumu lalikulu, ilo limazunguza anzake a mano mpaka kufika pa gudumu lomaliza looneka ngati chisoti cha mfumu. Mano a gudumu limeneli amakodwa ndi timasamba tiwiri ta pakamtengo kachitsulo, kenako n'kumasulidwa dzino limodzilimodzi. Phokoso lija la teke-teke limachokera pamenepo. Pamwamba pa kamtengoko, kunsi kwa belu, pali gudumu lina lomwe limapita uku n'kubwerera uku, ndipo ndi lomwe limaletsa mtovu kugwa kamodzin'kamodzi. Wotchi ikamatsalira ankawonjezera timipira ta mtovu kuti chingwe chilemere. Ikamathamanga ankatapako.

Amisiri a ku Lothbury

Mawotchiwa anayamba kupangidwa ku London cha m'ma 1600. Poyamba opanga mawotchi akuluakulu ankawerengedwa m'gulu la osula zitsulo, koma mu 1631 Mfumu Charles Woyamba inawalola kukhala ndi bungwe lawolawo, Worshipful Company of Clockmakers, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali David Ramsay. Mnyamata wofuna lusoli ankakhala pakhomo pa mbuye wake zaka zosachepera zisanu ndi ziwiri, kudya ndi kugona komweko, asanaloledwe kulemba dzina lake pa wotchi.

Ambiri anasonkhana mumsewu wa Lothbury, komwe kunali kale osungunula mkuwa. Mayina awo akadali olembedwa pamawotchi mpaka lero: Thomas Knifton wa ku Lothbury komweko, Peter Closon wa ku Holborn Bridge, William Bowyer wa ku Leadenhall Street. Koma tsoka linagwera London motsatizana. Mu 1665 kunabuka mliri umene unapha anthu miyandamiyanda, ndipo mu September 1666 moto waukulu unanyeketsa nyumba zoposa 13,000, kuphatikizapo za ku Lothbury.

Katungwe wasintha zonse

Pamene motowo unkabuka n'kuti luso lenilenilo litayamba kale kusintha. Mu 1656 Christiaan Huygens wa ku Holland anapanga wotchi yoyendera pendulamu, kachitsulo kolendewera kopita uku ndi uku ngati katungwe. Chaka chotsatira John Fromanteel anachoka ku London kukagwira ntchito kwa Salomon Coster ku The Hague, yemwe ankapanga mawotchi a Huygens, ndipo mu 1658 bambo ake, Ahasuerus Fromanteel, analengeza m'nyuzipepala kuti akugulitsa mawotchi amtunduwu. Kusokonekera kwa mphindi 15 kuja kunachepa kwambiri.

Cha m'ma 1670 kunabwera pendulamu yaitali pafupifupi mita imodzi, yogunda kamodzi pa sekondi. Inkafuna kutetezedwa, choncho ankaiika m'bokosi lalitali lathabwa loima pansi, ndipo muvi wa mphindi unayamba kukhala ndi ntchito. Imeneyi ndiyo inali nyengo ya Thomas Tompion, mwana wa wosula zitsulo wa ku Bedfordshire, yemwe mu 1676 anapanga mawotchi awiri a malo oonera nyenyezi ku Greenwich, ndipo atamwalira mu 1713 anaikidwa ku Westminster Abbey.

Anthu olemera a mumzinda anatembenukira ku mawotchi atsopanowo, koma wotchi ya muvi umodzi sinathe. Amisiri a m'matauni aang'ono anapitiriza kuipanga mpaka m'kati mwa zaka za m'ma 1700, tsopano ikuyenda maola 30 pa kukoka kumodzi. Ina inkatumizidwa ku Turkey italembedwa manambala a kumeneko. Amene anali ndi yakale sankaitaya. Ankapita nayo kwa mmisiri, iye n'kuchotsa gudumu la pamwamba lija n'kumangirira pendulamu. N'chifukwa chake zomwe zikadali ndi gudumu lake loyambirira ndi zowerengeka kwambiri.

Zipsera ndiye umboni

Vuto lalikulu linadza m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Anthu anayambanso kukonda maonekedwe a mawotchiwa, koma sankafuna zokoka chingwe tsiku ndi tsiku. Ambiri anatumbulidwa, magudumu akale n'kutayidwa, m'malo mwake n'kuikamo makina a sipuling'i kuti azikhala pashelefu. Kenako kunabwera ongotengera, mpaka kampani ya Smiths inkapanga atsopano m'zaka za m'ma 1900. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho wodziwa mawotchiwa sakopeka ndi kuwala kwa mkuwa. Amatsegula zitseko, amachotsa belu, n'kuyang'ana mbale ya pamwamba. Tizibowo topanda kanthu timamuuza pamene panali gudumu loyamba, pamene anamangirira pendulamu yaifupi, ndi pamene wina anadzaikapo yaitali. Mano odyeka ndi zigamba zimamuuza manja angati amene anaigwirapo. Ikakhala yosalala paliponse, yopanda chipsera, m'pamene amayamba kukayika.

Wofuna kuwaona angawapeze ku British Museum, komanso ku Science Museum ku London, komwe kuyambira 2015 kwakhala kukusungidwa mawotchi a bungwe lija la 1631.

Masiku ano wotchi ya batire ikafa, ambiri timangoiponya kudzala, ndipo okonza mawotchi m'makonde a masitolo ntchito yawo yatsala yosintha mabatire ndi malamba. Amisiri a ku Lothbury anamanga wotchi yawo ndi tizikhomo toti munthu azule ndi kubwezera. Gudumu likatha mano, wina ankasema lina ndi tupa. Chingwe chikaduka ankaluka china. Sankadziwa amene adzaitsegule patapita zaka 100, koma anamusiyira khomo. Ndiye chifukwa chake m'nyumba zina mpaka lero, munthu akakoka chingwe m'mawa, belu lomwe linkalira London isanapse limaliranso.