Timu ya otayidwa yomwe idagwedeza dziko pa ayezi wa m'chipululu

Mwezi wa Okutobala ukafika pa Mlare, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Karonga, dzuwa limachita kuswa mtengo. Mwana wogulitsa mafirizesi amatsegula bokosi lake mothamanga n'kutsekanso, podziwa kuti ayezi akangomva mphepo yotentha ya kunyanja, malonda athera pomwepo. Wina atauza anthu a pano kuti kuli anyamata amene amalandira ndalama zankhaninkhani pothamanga pamwamba pa ayezi, m'dera limene mwezi wa Julaye limatentha kupitirira madigiri 40, ambiri angaseke n'kumati ndi nkhambakamwa chabe.

Koma masewerowo alipo ndithu. Amatchedwa ice hockey, ndipo deralo ndi mzinda wa Las Vegas, m'chipululu cha Mojave ku America. Kumeneko, m'sizoni ya 2017/18, timu yatsopano ya Vegas Golden Knights idachita zimene akatswiri a zamasewero adalumbira kuti sizingatheke. Idatola osewera amene matimu ena adawasiya panja, n'kukafika nawo mundime yotsiriza ya chikho chachikulu kwambiri cha masewerowa m'chaka chake choyamba.

Masewero ake ndi otani?

Ice hockey ndi mbale wake wa hockey ya pansi youma imene imaseweredwa kuno kwathu, koma iyo imachitikira m'nyumba yaikulu. Pansi pa bwalo amayalapo mapaipi mmene mumayenda madzi ozizira kwambiri, ndipo madzi othiridwa pamwamba pake amaundana n'kulimba ngati simenti. N'chifukwa chake bwalo lotere limatheka ngakhale m'chipululu. M'litali limakwana mamita pafupifupi 61, m'lifupi 26.

Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo amatsetsereka nazo mwaliwiro loopsa atagwira ndodo zokhota kunsonga. Mmalo mwa mpira amamenya kamphira kolimba, kophwatalala, kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwalo kuphatikizapo goloboyi, ndipo masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Chifukwa cha kutopetsa kwake, osewera amasinthana pafupifupi mphindi iliyonse masewero ali mkati.

Ligi yaikulu ya masewerowa ndi National Hockey League, mwachidule NHL, yomwe idayamba mu 1917 ndipo muli matimu a ku Canada ndi America. M'sizoni ya 2017/18 timu iliyonse idasewera magemu 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Kenaka matimu 16 amalimbirana Stanley Cup, chikho chimene chidayamba kuperekedwa mu 1893.

Kutola zotsala za ena

Mu Juni 2016, NHL idavomera kuti Las Vegas ikhale ndi timu, mpondamatiki Bill Foley ndi anzake atalonjeza kulipira madola 500 miliyoni. Ndalama zidalipo, bwalo la T-Mobile Arena lidalipo, koma osewera padalibe.

Malamulo a ligiyo adati timu yatsopanoyo itenge wosewera mmodzi kutimu iliyonse mwa matimu 30 amene adalipo kale. Koma timu iliyonse idali ndi ufulu wobisa kaye akatswiri ake, pakati pa 9 ndi 11, kuti asakhudzidwe. Vegas idayenera kusankha mwa otsalawo. Zili ngati kufika padoko mochedwa, ogula onse atasankha kale chambo chabwino.

Otsalawo adali ndani? Padali goloboyi Marc-André Fleury, amene adapambana Stanley Cup katatu ndi Pittsburgh Penguins koma malo ake adali atapatsidwa kwa wachinyamata Matt Murray. Padali William Karlsson wa ku Sweden, amene ku Columbus Blue Jackets adangomwetsa zigoli 6 sizoni yonse ya 2016/17. Padalinso Jonathan Marchessault, wamfupi msinkhu, amene ali mnyamata matimu onse a NHL adamudumpha posankha osewera atsopano. Iye adamwetsa zigoli 30 ku Florida Panthers, komabe timuyo idamusiya panja, n'kuperekanso mnzake Reilly Smith ngati basera.

Ngakhale mphunzitsi wawo, Gerard Gallant, adali wotayidwa. Florida idamuchotsa ntchito mu Novembala 2016 masewero ena atangotha, ndipo atolankhani adamujambula ali panja pa bwalo ndi zikwama zake, akudikira takisi.

Osewerawo adadzipatsa okha dzina lakuti Golden Misfits, kutanthauza anthu osowa kokwanira. Nyumba za juga za mu Las Vegas momwemo zidawaderera kotero kuti wobetcha dola imodzi kuti atenga chikho akadalandira madola 500.

Maliro timu isadayambe

Kutatsala masiku asanu kuti sizoni yawo iyambe, mzindawo udagwa m'chisoni. Usiku wa Lamulungu pa 1 Okutobala 2017, nthawi imene pa Mlare kudali kutacha Lolemba ana ali paulendo wa kusukulu, munthu wina adayamba kuombera mfuti kuchokera pawindo la hotela ya Mandalay Bay, kulunjika khamu limene linkamvera nyimbo panja. Anthu 58 adafa, mazanamazana adavulala, ndipo ena awiri adamwalira patapita zaka chifukwa cha mabala awo.

Osewera ambiri adali alendo mumzindawo, ena adali asadamasule n'komwe katundu wawo yense. Komabe adayenda kukaona ozimitsa moto, apolisi ndi anthu opereka magazi. Pa 6 Okutobala adakasewera gemu yawo yoyamba ku Dallas ndipo adapambana 2-1, zigoli zonse adamwetsa James Neal.

Pa 10 Okutobala adasewera koyamba pakhomo. Chikondwerero chimene chidakonzedwa chidasanduka mwambo wokumbukira omwalira. Wosewera aliyense adalowa m'bwalo limodzi ndi namwino, dokotala, wapolisi kapena wozimitsa moto amene adagwira ntchito usiku woopsawo. Bwalo lonse lidakhala chete kwa masekondi 58. Kenaka Deryk Engelland, wotchinga kumbuyo amene adakhala mu Las Vegas zaka zambiri ndipo adakwatira komweko, adatenga chimkuzamawu n'kulonjeza anamfedwa kuti timuyo ichita chilichonse chotheka kuti mzindawo upeze chitonthozo. Masewero atayamba, Engelland yemweyo, amene sadali wodziwika pomwetsa zigoli, adagoletsa. Vegas idathambitsa Arizona Coyotes 5-2.

Kuyambira tsiku limenelo, anthu a mumzindawo, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe malamulo a masewerowo, adaitenga timuyo ngati yawoyawo.

Magoloboyi asanu

Timuyo idapambana magemu 8 mwa 9 oyambirira. Otsutsa adati ndi moto wa mapesi, uzima posachedwa. Ndipo mavuto adabweradi. Fleury adavulala m'mutu mkati mwa Okutobala n'kukhala panja pafupifupi miyezi iwiri. Womulowa mmalo, Malcolm Subban, adavulalanso. Wachitatu, Oscar Dansk, chimodzimodzi. Pagolo padatsala Maxime Lagacé, amene adali asadasewerepo mu NHL, ndipo tsiku lina mpaka mnyamata wa zaka 19, Dylan Ferguson, adalowako. Novembala asadathe, timuyo idali itagwiritsa ntchito magoloboyi asanu, koma sidagwe.

Chinsinsi chake chidali chiyani? Gallant sadadalire akatswiri awiri kapena atatu monga amachitira matimu ambiri. Adapatsa mpata magulu onse a osewera ake, ndipo wolakwitsa sankamukhazika pabenchi nthawi yomweyo. Timuyo idalibe ngakhale kaputeni sizoni yonse. Udindo adagawana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Amene adapindula kwambiri ndi Karlsson. Ku Columbus ankamugwiritsa ntchito yotchinga adani basi. Ku Vegas adamuika kutsogolo pamodzi ndi Marchessault ndi Smith, ndipo munthu wa zigoli 6 uja adamwetsa 43. Pa 31 Malichi 2018, tsiku limene timuyo idakweza m'denga la bwalo nsalu ya nambala 58 n'kulengeza kuti palibe wosewera wake amene adzavale nambalayo, Karlsson adamwetsa chigoli chodabwitsa podutsitsa ndodo pakati pa miyendo yake. Chigolicho chidagonjetsa San Jose Sharks ndi kutsimikiza kuti Vegas yatsogola m'chigawo chake cha Pacific. Idamaliza itapambana magemu 51 ndi kupata mapointi 109, zomwe timu yatsopano idali isadachitepo mu NHL.

Chikho chidapulumukira pakamwa

Mumpikisano wa Stanley Cup matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana kanayi. Vegas idasesa Los Angeles Kings 4-0, idatulutsa San Jose 4-2, n'kugwetsa Winnipeg Jets ya ku Canada 4-1. Otayidwa aja adapezeka ali mundime yotsiriza.

Adani awo adali Washington Capitals, timu imene idakhala zaka zoposa 40 osalawa chikhocho. Chochititsa chidwi n'chakuti George McPhee, mkulu amene adasankha osewera a Vegas, ndi yemwenso adamanga Washington kwa zaka 17 asadachotsedwe mu 2014. Ndiye adabweretsa kumeneko katswiri wa ku Russia, Alexander Ovechkin.

Vegas idapambana gemu yoyamba 6-4, koma yachiwiri itatsala pang'ono kutha, goloboyi wa Washington, Braden Holtby, adatchinga ndi ndodo chigoli chimene aliyense adaona ngati chalowa kale. Mphepo idatembenukira pomwepo. Washington idapambana magemu anayi otsatizana, ndipo pa 7 Juni 2018 Ovechkin adanyamula chikho m'bwalo la Vegas lomwelo, atapambana 4-3. Ochemerera eni bwalo adaimirira n'kuombera m'manja anyamata awo ogonjawo.

Nkhaniyi ili ndi mbali yowawanso. Timu ya otayidwa ija itakula, idayamba nayonso kutaya anthu. Gallant, amene adasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa sizoni ya 2017/18, adachotsedwa mu Januwale 2020. Fleury adamutumiza ku Chicago mu 2021. Pamene Vegas idatenga Stanley Cup pa 13 Juni 2023, itaswa Florida Panthers 9-3 mugemu yomaliza, mwa osewera oyambirira aja mudatsala asanu ndi mmodzi okha. Mmodzi mwa iwo adali Marchessault, ndipo ndiye adasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisanowo, pamaso pa timu yomwe idamutaya.

Nkhani yodziwika ku Karonga

Anthu a pa Mlare safunika kuona ayezi wa ku Las Vegas kuti amvetse nkhaniyi. Mu 2019 timu yawo ya mpira wamiyendo, Karonga United, yomwe amaitcha Ingwina sya mwa Karonga, idachoka kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe kumene kuli matimu a ndalama, n'kukafika mundime yotsiriza ya chikho cha Airtel Top 8. Idagonja 1-0 ndi Silver Strikers pabwalo la Bingu. Monga Vegas, idabwerera chimanjamanja, koma idaonetsa kuti luso silimera m'mizinda ikuluikulu mokha.

Karlsson wa zigoli 6 ndi Karlsson wa zigoli 43 adali munthu mmodzi, miyendo yomweyo, ndodo yomweyo. Chidasintha ndi chakuti wina adamukhulupirira n'kumupatsa nthawi m'bwalo. Madzulo aliwonse dzuwa likapepa, pamabwalo afumbi a masukulu a pa Mlare, Lupembe ndi Ngara pamakhala anyamata ndi atsikana othamangitsa mpira, ena opanda nsapato, ena mpira wake wa chikulunga. Pakati pawo pali ena amene mphunzitsi wawo adawaika kale m'gulu la otolera mpira kuseri kwa golo, ndipo pali ena amene makolo awo sadapiteko ngakhale kamodzi kukawaona akusewera. Las Vegas idalipira madola 500 miliyoni kuti ipeze bwalo lopatsirapo mpata anthu otere. Pa Mlare bwalo lilipo kale, ndipo kulowa kwake n'kwaulere.