Mayi wa mu Lusaka angasankhe chiyani pa tsiku lochira?

M'chaka cha 2008 ku America kunatuluka filimu yotchedwa The Business of Being Born, imene anakonza Ricki Lake ndi Abby Epstein. Uthenga wake unali woti zipatala za kumeneko zimathamangitsa amayi: matenda akangochedwa pang'ono amawabaya mankhwala ofulumizitsa, kenako n'kuwatengera ku opareshoni, moti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse amabadwa m'njira imeneyi. Filimuyo inaonetsa amayi akuchirira kunyumba, ena m'madzi, mzamba ali pambali. Lero mavidiyo amtunduwu ali ponseponse pa Facebook ndi TikTok, ndipo amafika m'mafoni a amayi oyembekezera a mu Lusaka.

Amayi sawaonera mofanana. Mayi wa pantchito wa ku Kabulonga kapena Woodlands, amene amalipira chipatala chapulaiveti, amadzifunsa ngati opareshoni imene adokotala amutchulira ndi yofunikadi. Wa ku Kabwata kapena Chelstone, amene amapita kusikelo kuchipatala cha boma, nkhani ya mzamba siimudabwitsa, pakuti amene amachiritsa amayi ambiri kumeneko ndi azamba omwewo. Chimene iye amasirira n'china: bambo wa mwana atamugwira dzanja, mawu ofatsa, ndi kumufunsa kaye asanamugwire m'thupi. Ndiye pali agogo amene amatsikira pa siteshoni ya basi ya Intercity kuchokera ku Katete kapena Petauke, atanyamula ufa ndi zitenje, kudzadikirira mdzukulu. Iwowa anachirira kunyumba chifukwa kunalibe kwina, ndipo ambiri a iwo anapitako ku maliro a mnzawo amene anatsamira mkono pobereka. Muwaonetse munthu akusiya chipatala mwadala, adzangogwira pakamwa.

Agogowa ali ndi mfundo, ndipo ziwerengero zili kumbali yawo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia wa 2007 anapeza kuti amayi 591 pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo ochirira kuchipatala sankafika theka. Pofika 2013–14 imfazo zinatsika kufika pa 398, ndipo mu 2018 zinali pansi pa 300, pomwe amayi 84 pa 100 aliwonse anali akuchirira kuchipatala. Ngakhale zinatsika choncho, mu 2019 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti imfa za amayi ndi makanda ndi ngozi yogwera dziko.

Chimene chimapha amayi ambiri ndi kutaya magazi mwana atangobadwa. Nsengwa ikachoka, pamalo pamene inamatirira pamatsala mitsempha yotseguka, ndipo chiberekero chiyenera kukungika mwamphamvu kuti iyo itsekeke. Chikalefuka, mayi amene anali kuseka ndi khanda lake angathe kutisiya pasanathe maola awiri. N'chifukwa chake mzamba amabaya jekeseni ya oxytocin mwana akangotuluka, amasisita pamimba, n'kumayang'anira magazi. Akapitirira theka la lita, ndiye kuti zavuta. Palibe amene angadziwiretu bwinobwino mayi amene izi zidzamugwere. Amayi a mufilimu ija anali ndi mzamba wophunzira, wonyamula mankhwala ndi zipangizo, komanso chipatala chili pafupi. Kuchirira kunyumba kuno kwathu nthawi zambiri kumatanthauza azakhali, lezala ndi tochi ya pafoni, kenako kusaka galimoto pakati pa usiku. Ndikunena mosabisa: sindingalangize mayi aliyense mu Lusaka muno kuti atengere zimenezo.

Koma funso limene filimuyo inadzutsa, loti thupi la mayi ali nalo mawu ndani, ndi lathu lomwe. Kusiyana kwake n'koti kuno liyenera kuyankhidwa m'kati mwa leba wodi.

Mu 2018 bungwe la World Health Organization (WHO) linatulutsa malangizo a mmene mayi ayenera kusamaliridwa pochira, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama. Mayi akhale ndi munthu amene wamusankha yekha, kaya mwamuna wake, mayi ake kapena mchemwali wake. Ngati palibe chovuta, aloledwe kuyendayenda, kumwa ndi kudya pang'ono matenda ali m'kati. Asakakamizidwe kugona chagada. Angathe kunjuta, kugwada kapena kugonera m'mbali. Kucheka njira ya mwana kusakhale kwa mayi aliyense, ndipo kukankha pamimba ndi manja kuti mwana atuluke msanga n'koletsedwa. Mwana akabadwa, mchombo usadulidwe mphindi imodzi isanathe, ndipo amuike pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, ayambe kuyamwa ola loyamba lomwelo. Za mnzake wokhala pambali uja, kafukufuku wa m'mayiko ambiri anaonetsa kuti matenda amafupikirako ndipo opareshoni imacheperako.

Chovuta n'chakuti m'wodi momwe mabedi angosiyanitsidwa ndi nsalu, mwamuna wa wina sangalowe popanda kuchititsa manyazi amayi ena. Mzamba mmodzi amene akuyang'anira amayi angapo nthawi imodzi alibe mpata wofotokozera aliyense modekha, ndipo kukalipa kumene amayi amadandaula nako nthawi zina kumachokera pamenepo, ngakhale kutopa si chilolezo chonyozera munthu ali pa ululu. Lipoti la United Nations la 2021 linati dziko lapansi likuperewera azamba 900,000. Ifenso tili ndi mbali yathu. Alangizi amaphunzitsa mtsikana kuti mkazi weniweni amapirira osatulutsa mawu, ndiye amafika kuchipatala atazolowera kukhala chete ngakhale pamene anayenera kufunsa. Ena amamumwetsa mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, amene ena amawatcha mwanamphepo, n'kumuuza kuti asaulule. Mankhwalawa alibe muyezo, ndipo chiberekero chikakungika mopitirira chingathe kung'ambika kapena mwana kubanika.

Pa opareshoni, nkhani yathu ndi yosiyana kwambiri ndi ya ku America. Mu 2018 ana 5 okha pa 100 aliwonse a mu Zambia ndiwo anabadwa m'njira imeneyi, kusonyeza kuti alipo amayi, makamaka a kumidzi, amene amaifuna koma osaipeza nthawi yabwino. Mu Lusaka muno zipatala za Chilenje, Matero, Chawama, Kanyama ndi Chipata zinakwezedwa n'kukhala ndi zipinda zochitira opareshoni kuti amayi asamathamangire onse ku zipatala zazikulu za UTH ndi Levy Mwanawasa. Mayi amene wachira pa opareshoni si waulesi, monga amanong'onezana ena. Koma ali ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake, komanso zimene zidzachitike pa mimba yotsatira.

Malo abwino oyambira zonsezi ndi kusikelo, matenda asanayambe. WHO imalangiza kuonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo ulendo uliwonse mayi angafunse: Kodi ndingabwere ndi wondiperekeza mpaka m'kati? Zikavuta mudzanditumiza kuti, ndipo ambulansi ilipo? Pa zimene mwalemba kuti ndigule, zofunikadi ndi ziti? Koma akaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, madzi akasweka matenda asanayambe, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, asadikire tsiku lolembedwa pakadi. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.