Mutu 6: Diski Yothamanga ndi Diski Yosunga

Munthu akamagula kompyuta pa boma pa Lundazi kapena ku Chipata, funso lake limakhala limodzi: "Ili ndi magigi angati?" Za chitetezo cha mafayilo ake amadzazikumbukira tsiku limene diski yayamba kugogoda mkati, kompyuta n'kukana kuyaka. M'mutu uno tiona za liwiro, za kulumikiza madiski awiri, ndi za kusunga makope.

Za liwiro n'zachidule. Hard disk ili ndi mbale zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa miniti. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndipo ngakhale yamtundu wa SATA imawerenga pafupifupi ma megabyte 500 pa sekondi, kuposa hard disk katatu kapena kanayi. Ikani Windows ndi mapulogalamu pa SSD, zithunzi ndi mavidiyo pa hard disk yaikulu. Mwatha.

Pamene anthu amasokera ndi pa RAID, njira yolumikiza madiski. Amene anatchukitsa dzinali mu 1988 ndi David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa University of California ku Berkeley. Pa RAID 0 fayilo imadulidwa zidutswa n'kugawidwa pa madiski awiri. Imathamanga ndithu, koma diski imodzi ikangofa, zonse zapita. Musaikepo chinthu chimene mungachilire. Pa RAID 1 chilichonse chimalembedwa pa madiski onse awiri nthawi imodzi, kotero imodzi ikafa inzake imapitiriza ntchito.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa, chifukwa ambiri akamva zimenezi amati basi ndatetezeka. Simunatetezeke! Taganizani za mnyamata wa situdiyo amene wajambula ukwati Loweruka. Lolemba wafufuta foda mwangozi: yafufutika pa madiski onse awiri. Kasitomala wabwera ndi fulashi ya vairasi: mafayilo owonongekawo akopedwa pa onse awiri. Mphezi ya mu Disembala yadzera mu waya, kapena wakuba wanyamula bokosi lonse: onse awiri apitira limodzi. Zili ngati kumanga nkhokwe ziwiri zogundana. Zimathandiza imodzi ikawola pansi, koma moto ukabwera sudzasiyako ina. RAID 1 imakutetezani ku vuto limodzi lokha, kufa kwa diski.

Ndiye pali magetsi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri tsiku lililonse. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, fayilo imatha kuwonongeka. Ngati ndalama yanu ingokwanira chinthu chimodzi, gulani UPS, batire yothandiza magetsi akazima, musanaganize za RAID.

Pa za kusunga makope, akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Kunjako kungakhale kwa achimwene anu kumudzi, kapena pa Google Drive pamene amapereka magigi 15 aulere. Bandulo njodula, choncho tumizaniko zofunika zokhazokha: masatifiketi, makalata a malo, mndandanda wa mamembala a koparetivu.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi diski yakunja imene imangokhala yolumikizidwa usana ndi usiku. Imeneyo mphezi ndi vairasi zimaipeza mosavuta. Mukamaliza kukopera, ichotseni, muiike m'kabati mouma. Ndipo kamodzi pa mwezi ilumikizeni, mutsegule mafayilo angapo, muone ndi maso anu kuti akutsegukadi.