Kodi mumadziwa? Nkhwazi ndi ndere za pamtengo, wamkulu ndani?

Kodi mumadziwa kuti mbalame imene yakhala pa mbendera ya Zambia chiyambire pa 24 Okutobala 1964 ndi nkhwazi? Yaikazi ndiyo imakula kuposa yaimuna, ndipo ikatambasula mapiko imatha kufika mamita 2.4. Gonekani pansi chitseko cha nyumba yanu ku Silverest, mapikowo atsalako uku ndi uku!

Nanga tindevu totuwa timene timalendewera panthambi za mombo ndi mtondo, munatiyang'anitsitsapo? Ndi ndere zimenezo, akatswiri amati Usnea. Mtundu wina wosowa, Usnea longissima, wa m'nkhalango zakale za ku Norway ndi Alaska, umatalika kupitirira mamita 3, ndiye mapiko a nkhwazi achepa.

Ndere zimenezi ndi banja la awiri: bowa ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso. Bowa amamanga nyumba, mnzakeyo amaphika chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Simon Schwendener wa ku Switzerland atanena izi mu 1867 anzake anamutsutsa, koma lero mitundu yodziwika ili pafupifupi 20,000, pamene mbalame zonse zogwira nyama padziko lapansi sizikwana mitundu 600.

Pa liwiro, ayi, tisaname. Mphamba wina wotchedwa peregrine falcon akamatsika kukagwira njiwa amapitirira makilomita 300 pa ola, katatu galimoto yothamanga pa Great East Road. Ndere zina za pamwala, chaka chonse chathunthu, sizikula ngakhale milimita imodzi.

Koma fulumirani mudzatope! Nkhwazi ya kutchire ikakwanitsa zaka 20 ndiye kuti ndi gogo. Ndere zina za kumaiko a chisanu zakhala pamwala womwewo zaka masauzande angapo.

Ndipo imvani iyi. Mu 2005 asayansi a ku Ulaya anakweza ndere m'chombo cha Foton-M2 n'kuzisiya panja mumlengalenga, kopanda mpweya, kopanda madzi. Patatha milungu iwiri zinabwerako zamoyo. Kodi nkhwazi ingapirireko ngakhale mphindi 5?

Komatu chimphona chilichonse chili ndi pofooka pake. Ndere zilibe mizu, zimamwa chilichonse chimene mphepo ndi mvula zabweretsa, choncho utsi wa salifa, uja anthu a ku Mufulira amati senta, umazipha msanga. Mukaona mtengo uli ndi ndevu zambiri, dziwani kuti mpweya wa pamenepo ndi wabwino, mwaupima osalipira ngakhale ngwee imodzi.

Nkhwazi nayo imaulula za m'madzi. Ku nyanja ya Kariba, mankhwala a DDT ophera ntchentche za kashembe analowa m'nsomba, ndipo mazira a nkhwazi anapezeka ndi zikamba zopyapyala. Chonsecho nkhwazi yaikazi imaikira dzira limodzi mpaka atatu basi, n'kuwafungatira milungu 6 yathunthu!

Zonse ziwiri zimafuna mtengo waukulu wakale, womwewo umene owotcha makala a ku Chongwe amaukonda. Nkhwazi imabwerera pachisa chimodzimodzi chaka ndi chaka, kuwonjezera timitengo mpaka chifike mamita 2 m'lifupi. Pamene ku Dzalanyama, ku Malawi, kuli kambalame kena ka mtundu wa mpheta zoluka zisa, olive-headed weaver, kamene sikafuna udzu: chisa chake chonse ndi ndevu za Usnea zokhazokha.