MTIMA UKAMATHAMANGA USIKU: ZOYENERA KUDZIWA ZA MANKHWALA A NKHAWA

Mabanja ambiri a kunyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota, ali ndi mwana, mlongo kapena mlamu amene akukhala ku Lilongwe. Ena ali ku Kawale ndi ku Biwi, ena akuchita lendi ku Chinsapo ndi ku Area 23, pomwe ena ali ku Mgona, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo kumene amasaka maganyu. Moyo wa m'tauni ndi wa ndalama: nyumba, madzi, makala ndi ndiwo, zonse n'zogula. Tsono pakati pa mauthenga amene amafika kumudzi pali wina umene umazunguza makolo, woti mwana wawo akudwala mtima koma kuchipatala sakumupeza ndi matenda.

Abale ndi alongo, nthawi zambiri matendawo amakhala alipo ndithu, kungoti si a mtima. Ndi matenda a nkhawa, ndipo mankhwala ake alipo. Koma mankhwalawo ali m'magulu awiri, ndipo banja losadziwa kusiyana kwake lingathe kumuonjezera mavuto wodwalayo pofuna kumuthandiza.

Matendawa ndi otani?

Munthu aliyense amada nkhawa mwini nyumba akamagogoda kapena wa katapila akamakumbutsa ngongole. Imeneyo si nthenda. Nthenda imayamba pamene nkhawayo yakana kuchoka kwa miyezi, munthu osagona tulo, osadya bwino, mpaka ntchito kumulephera.

Palinso mantha obwera mwadzidzidzi. Munthu ali khale mu minibasi kapena ali pamphasa usiku, mtima umangoyamba kugunda ngati ng'oma, thukuta kamukamu, manja kunjenjemera, mpweya kubanika, iye n'kutsimikiza kuti akufa. Zimenezi zimafika pachimake m'mphindi ngati 10, kenaka n'kuzilala. Chimene chimachitika n'chakuti thupi limakonzekera kuthawa ngati laona ng'ona padooko, chonsecho ng'onayo palibe. Mantha otere paokha sapha, koma amam'manga munthu mpaka kumaopa kupita kumsika ngakhale kumzikiti Lachisanu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi alionse ofunika thandizo, mmodzi yekha ndiye amalilandira. Amayi ndiwo amadwala kwambiri kuposa abambo.

Tisathamangire kunena kuti wodwala wagwidwa ndi majini kapena kuti chikhulupiriro chake chachepa. Katswiri wa Chisilamu, Abu Zayd al-Balkhi, amene adamwalira m'chaka cha 934, adalemba kale za mantha ndi nkhawa monga matenda ofunika kuchiritsidwa chimodzimodzi matenda a thupi. Mtumiki Muhammad (SAW) nayenso adatilimbikitsa kufunafuna mankhwala tikadwala.

Mankhwala ofulumira

Gulu loyamba ndi la mankhwala okhazika thupi pansi msangamsanga. Odziwika kwambiri kuno ndi diazepam, amene ambiri amawatcha Valium, dzina limene kampani ya Roche ya ku Switzerland idawapatsa powatulutsa m'chaka cha 1963. Mankhwalawa amachepetsa liwiro la mauthenga muubongo, choncho pasanathe ola limodzi mtima umadekha ndipo tulo timabwera. M'zipatala zathu ndi ofunika zedi, ndipo amapulumutsa ana amene akukomoka ndi malungo kapena khunyu.

Vuto lake ndi lakuti thupi limawazolowera. Mbulu umodzi umene unkagwira ntchito mwezi watha umayamba kuchepa mphamvu, munthu n'kumamwa iwiri. Akati asiye, nkhawa imabweranso yoposa kale, tulo kusowa, thupi kunjenjemera, ena mpaka kukomoka. N'chifukwa chake madokotala sapereka diazepam pa matenda a nkhawa kupitirira milungu iwiri kapena inayi. Amabweretsanso tulo ndi chizungulire masana, zimene n'zoopsa kwa dalaivala wa minibasi, wa kabaza kapena wogwira ntchito pamakina. Okalamba amagwa nawo n'kuthyoka. Akaphatikizidwa ndi mowa kapena mankhwala amphamvu opha ululu monga tramadol, angathe kuimitsa kupuma.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera m'mbuna. Mnansi wachifundo amagawa "timapilisi ta tulo" timene tidamutsalira, kapena wina amakatigula kwa ogulitsa mankhwala pamsika. Lamulo sililola kugulitsa diazepam popanda kalata ya dokotala, ndipo bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira zimenezi. Mankhwala a pamsika amakhala padzuwa, ena adatha kale mphamvu, ndipo wogulitsayo sadziwa za matenda ena amene muli nawo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati m'bale wanu wakhala akumwa diazepam kwa miyezi, musam'lande mwadzidzidzi. Pitani naye kuchipatala kuti akamuchepetsere pang'onopang'ono.

Mankhwala odekha

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala amene amachiza m'kupita kwa nthawi. M'zipatala za boma mumaperekedwa kawirikawiri amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline ndi akale, adayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1960, pomwe fluoxetine adavomerezedwa ku America m'chaka cha 1987 ndi dzina loti Prozac. Onsewa adapangidwira matenda okhumudwa, koma amathandizanso ena odwala nkhawa, ndipo pa mantha adzidzidzi madokotala amayamba ndi a mtundu wa fluoxetine. Amagwira ntchito pa timadzi ta muubongo, monga serotonin, timene timanyamula mauthenga okhudza mmene munthu akumvera mumtima. Saledzeretsa, ndipo sachititsa chibaba.

Amenewa amafuna kupirira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi. M'masiku oyambirira fluoxetine angathe kubweretsa nseru, mutu ngakhale kuonjezera nkhawa pang'ono, ndipo ambiri amawataya pamenepa n'kumati sakugwira ntchito. Amitriptyline amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa ndi kugonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Munthu akapeza bwino amayenera kupitirizabe kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo posiya amachita kuchepetsa motsogozedwa ndi dokotala.

Pali zinthu zitatu zofunika kuti banja lisamale. Choyamba, amitriptyline akamwedwa ochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kupha, choncho asungidwe patali ndi ana. Chachiwiri, wachinyamata wosafika zaka 25 akayamba mankhwalawa tizikhala naye pafupi m'milungu yoyamba, ndipo akayankhula zodzipha tibwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chachitatu, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndiponso aliyense amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, anene zimenezi dokotala asanalembe.

Nthawi zina dokotala amapereka propranolol, mankhwala a BP amene amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera. Iwowa sachotsa maganizo, ndipo ndi oopsa kwa odwala mphumu.

Nanga m'mwezi wa Ramadhan?

Ambiri amasiya mankhwala mwezi ukaoneka, matenda n'kuyambiranso. Palibe chifukwa chotero. Mankhwala odekhawa kawirikawiri amamwedwa kamodzi patsiku, choncho dokotala angathe kukonza kuti fluoxetine azimwedwa pa daku, ndipo amitriptyline usiku pambuyo pa futari. Pitani mukakambirane naye mwezi usanayambe. Ngati kusala kukuonjezera matenda, tonse tikudziwa kuti Qur'an idapereka mwayi kwa wodwala kuti adzabweze masikuwo akachira.

Kopita

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha ku Kawale, cha ku Area 25 kapena cha Bwaila. Nkofunika kuti ayambe apima thupi, popeza kuchepa kwa magazi, chithokomiro, shuga ndi matenda enieni a mtima zimathamangitsanso mtima. Kupweteka kwa pachifuwa kukabwera koyamba, makamaka kwa munthu wamkulu, thamangirani kuchipatala osadikira kuche. Pofotokoza musangoti "mtima". Nenaninso za maganizo, za tulo ndi za mantha, pakuti dokotala sangalote. Ofunika thandizo lapadera angapitenso ku St John of God ku Area 43. Kumwa mankhwala a nkhawa sikutanthauza kuti munthu wapenga kapena kuti atumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Ambiri amachira ali pakhomo, akugwira ntchito zawo.

Tidziwenso kuti mapilisi paokha sakwanira. Uphungu, umene umaphunzitsa munthu kuzindikira mantha ake ndi kupuma modekha akamubwerera, umathandiza mofanana ndi mankhwala, ndipo phindu lake limakhalitsa. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda adayambitsa m'chaka cha 2006 ntchito ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe. Kuchepetsa tiyi wowawa, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumathandizanso.

Inu makolo a kunyanja, uthenga wa mtima wothamanga ukakupezani, funsani mafunso awa: Kodi wapimidwa? Akumwa chiyani? Adam'patsa ndani? Tipitirize kumuchitira duwa, masheikh athu amuyendere, ndipo wina wa pabanja amuperekeze kuchipatala pa tsiku limene adamuuza kuti abwerenso. Mutu umodzi susenza denga. Allah apereke machiritso kwa odwala athu onse. Ameen.