Chifuniro cha Okalamba pa Khomo la Chipatala

Pa 31 Malichi 2005, Papa John Paul II, ali ndi zaka 84, adatentha thupi koopsa. M'mwezi wa Febuluwale adali atagonekedwa kawiri pa chipatala cha Gemelli mumzinda wa Rome, kumene madokotala adawaboola pakhosi kuti azipuma bwino. Koma ulendo uno mkuluyo adakana kubwererako. Adamwalira m'chipinda chawo ku Vatican pa 2 Epulo, madokotala awo ali pambali.

Mwayi wawo udali wakuti adanena chifuniro chawo mawu akadalipo. Okalamba ambiri amafika kuchipatala usiku, ali chikomokere, ndipo oyankha mafunso a dokotala amakhala ana awo. Nanga ndi mwana uti angalimbe mtima kunena kuti bambo ake asaikidwe pa makina opumira? Abale angamuyese wouma mtima, mwinanso mfiti. Komabe nkulakwa kuganiza kuti nkhalamba iliyonse idatopa nawo moyo. Ena amafunitsitsa kuyesa makinawo, ngakhale atauzidwa kuti kupsinja pachifuwa podzutsa mtima kumathyola nthiti zofooka.

Ku England ndi Wales, lamulo la 2005 limalola munthu kulemberatu chithandizo chimene akuchikana, nasaina pamaso pa mboni. Pepalalo likalembedwa moyenera, madokotala ayenera kulimvera, ana alire chotani.